Ba Exildah ndi Galimoto Yodya Sopo

Ba Exildah Chisala ndinakhala nawo moyandikana ku Mtendere zaka makumi awiri. Nyumba zathu zinalekanitsidwa ndi mpanda wa nkhadze, koma tinaboolapo kampata kodutsira pobwerekana mchere ndi moto. Anali mayi wamfupi, wa mikono yamphamvu, woyenda ngati basi ikumusiya, ndipo akaseka nkhuku zinkabalalika pabwalo. Kwawo kunali ku Mporokoso. Anakwatiwa ku Mufulira ndi Ba Edmond, bambo wamtali wofatsa amene ndudu sinkachoka pakamwa pake. Dziko litalandira ufulu anasamukira ku Lusaka, kumene Ba Edmond anapeza ntchito ya ukalaliki m'sitolo ya zitsulo m'tauni. Mwana anali naye mmodzi, Nkole, choncho awiriwo ankaitanana mwa Chibemba, Bana Nkole ndi Bashi Nkole, kutanthauza amake Nkole ndi bambo ake Nkole. Ine ndine Maggie, wa ku Katete, ndipo zambiri zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso anga, zina ndinazinunkhiza ndi mphuno yanga.

Ntchito yawo inali chikanda, chija kwathu timati chinaka. Timizu take tinkabwera m'matumba pa basi kuchokera kumpoto. Iwo ankatisinja, n'kuphika ndi nsinjiro, soda ndi tsabola mpaka chilimbe ngati chiwindi, kenako n'kusenza beseni pamutu kukagulitsa kwa makalaliki a m'maofesi nthawi ya chakudya cha masana, chotsala n'kukathera kumsika wa Kaunda Square. Anasenza beseni limenelo zaka khumi, mpaka tsitsi la paliwombo linayamba kuyoyoka.

Tsiku lina m'chaka cha 1976, ndikuchapa kuseri, ndinamva hutala ikulira mosalekeza kuchokera kumsewu waukulu. Nditatuluka ndinaona kagalimoto kakang'ono ka zitseko ziwiri, kamtundu wa dzira la bakha, kakubwera pang'onopang'ono kwinaku injini ikubangula ngati ikunyamula phiri. Pachiwongolero pankangooneka duku ndi maso. Kanadumpha ngalande, kanakhudza mpanda wathu, n'kuima ndi kugwedezeka.

"Ba Maggie! Bwelani muone vinthu!"

"Mayo! Ba Exildah, motoka ya ndani iyi?"

"Ni yanga! Nagula! Kuchoka ku Woodlands nabwela na giya imozi chabe, nayopa kuchinja!"

Zinadziwika kuti kwa miyezi isanu ankaphunzira kuyendetsa mobisa pabwalo la mpira, mphunzitsi wake ali dalaivala wa lole wa ku mpingo kwathu, ndipo laisensi anaipeza atayesa kachitatu. Galimotoyo anaigula kwa mphunzitsi wina wakunja amene ankabwerera kwawo. Inali yakale kuposa ufulu wa dziko. Amayi a mumzere wathu anatuluka ndi nthungululu, ena akuvina ndi mithiko m'manja, chifukwa mayi woyendetsa galimoto yakeyake ku Mtendere tinali tisanamuone. Tinakwera anayi anayi kuzungulira mpaka pa mpopi n'kubwerera, ndipo popeza giya yobwerera m'mbuyo anali asanaizolowere, pofika kumapeto kwa njira tonse tinkatsika n'kuitembenuza ndi manja.

Ine nditakhala pampando ndinamva kafungo.

"Simumva petulo?" ndinafunsa.

"Mwine wake anakamba ati inunkha pang'ono, muzisegula windo. Motoka siingankhale na fungo ya maluwa, Ba Maggie."

Oyamba kudandaula anali makasitomala. Chikanda chimakoka fungo ngati thonje. Patangotha sabata, kalaliki wina wa kuofesi ina ya m'tauni analuma nthuli, natafuna, n'kuyang'ana kumwamba ngati akuganiza mozama.

"Mayi, chikanda cha lelo ni supa kapena regula?"

Awa anali mayina a mitundu iwiri ya petulo. Anzake anagwa nako kuseka, wina n'kunena kuti amene wadya asayandikire machesi mpaka mawa. Ba Exildah anabwera kudzandifotokozera akuseka mpaka misozi, koma kuyambira tsiku limenelo beseni linkayenda padenga la galimoto, lomangidwa ndi malamba a chubu, ngati chipewa.

Wachiwiri kuvutika anali Ba Edmond. Lamlungu lina banja lonse linakwera kupita kutchalitchi, iwo atavala suti, maondo atafika pachibwano chifukwa cha kutalika. Asanapitirire nyumba zitatu anatulutsa ndudu ndi machesi. Ba Exildah anaponda buleki mpaka chipewa cha amuna awo chinagwera patsogolo.

"Bashi Nkole, selukani."

"Nalakwa chani manje?"

"Mufuna tifike kumwamba tisanafike ku chechi? Sankhani, fodya kapena motoka."

Ba Edmond anasankha fodya. Anatsika mwaulemu, anayatsa ndudu yawo ali patali, n'kuyamba kuyenda. Ba Exildah sanawasiye ayi. Anayendetsa pang'onopang'ono patsogolo, bambo akutsatira m'mbuyo ndi utsi wawo, ngati ng'ombe ndi mwini wake akupita kudibi. Zinakhala choncho Lamlungu lililonse, ndipo anthu ankatuluka dala kudzaonerera. Ndi nthawi imeneyo pamene galimotoyo inalandira dzina loti Kambaula, chifukwa aliyense ankati tsiku lina idzayaka.

Chimene chinatitsegula maso ndi maliro a ku Chaisa, m'dzinja la 1978. Anamwalira bambo wokalamba, apongozi a mnzathu wa mumpingo, ndipo amayi asanu tinapanikizana mu Kambaula kukapepesa. Kutsogolo kunakhala Ba Mwaba, mtsogoleri wa amayi, munthu amene ndinali ndisanaonepo mano ake chiyambire. Titangodutsa Kalingalinga mvula inagwa yamphamvu, tonse n'kutseka mawindo.

Poyamba maso anayamba kuyabwa. Kenako mutu unapepuka, ngati ndamwa chibuku pamimba yopanda kanthu. Chopukutira galasi chinali chimodzi, ndipo chinkalira kwiii, kwiii, pakupita ndi pobwera. Mmodzi wa amayi a kumbuyo anati, "Imvani, ikamba ati pepani, pepani. Nayo iyenda ku malilo." Sizinali zoseketsa kwenikweni, koma ndinamva phwete kutuluka m'mphuno mwanga. Ba Mwaba anatembenuka kutidzudzula, nati tiyimbe nyimbo ya maliro kuti mitima ikhale m'malo. Anayambitsa okha ndi mawu okuluwika. Atafika pamzere wachiwiri anaiwala mawu, n'kungopitiriza ndi kwiii, kwiii, motsatira chopukutira chija. Kenako Ba Mwaba, Ba Mwaba enieniwo, anaseka chikhakhali, mano onse pamtunda, awiri a m'mbali mulibe.

Basi zinathera pomwepo. Tinaseka kudutsa komboni ya Garden yonse. Ba Exildah ankayendetsa akugunda chiwongolero ndi chipumi, akukuwa kuti, "Lekani, nizagwesa motoka mu ngalande!" Wina akangoti chete, mnzake ankati kwiii, n'kuyambiranso. Nthiti zinkawawa, misozi ili chuchuchu.

Tinazindikira mochedwa kuti tafika, galimoto itaima kale pakhomo pa siwa, anthu atakhala m'khonde kubisala mvula, onse akutiyang'ana.

"Fungani kumaso," anatero Ba Mwaba monong'ona. "Aliyense chitenge kumutu."

Tinatsika titadziphimba, mapewa akugwedezeka, tikulira mawu osadziwika ngati kulira kapena chiyani. Tinalowa m'nyumba mogwirana n'kudzigwetsa pamphasa. Maso athu anali ofiira ngati tsabola. Mayi wamasiye, gogo wochepa thupi, anatiyang'ana nagwidwa chifundo. Anakwawa kubwera kwa Ba Exildah n'kuyamba kuwasisita pamsana.

"Limbani mtima, mwana wanga. Sinenze kuziba kuti munali kubakonda so."

Ba Exildah analuma chitenge, thupi lonse likunjenjemera, ndipo anthu a ku Chaisa anakamba kwa nthawi yaitali kuti amayi a ku Mtendere amadziwa kulira maliro.

Mphepo itatiwomba, kuseka kunatha, kunabwera mutu waching'alang'ala. Awiri anakasanza kuseri kwa nyumba. Pobwerera tinatsegula mawindo onse, mvula ikutinyowetsa. Titafika kunyumba Ba Exildah anakhala pachitseko cha galimoto atagwira mutu.

"Ba Maggie, ngati njila inali itali, sembe tagona bonse mu motoka, na ine pa stelingi. Iyi motoka izatipaya tikuseka."

Tsiku lotsatira anasesa pansi pa galimoto n'kuwazapo phulusa losefa. Patapita maola angapo tinaona kadontho kakuda paphulusapo, chakumbuyo, pansi pa thanki. Ba Exildah analowa m'nyumba n'kutuluka atavala buluku la amuna awo, lopindidwa kanayi kumiyendo. Masiku amenewo mayi wovala buluku m'komboni inali nkhani yofika kwa tcheyamani wa chipani, koma iwo sanasamale. Anagona chagada n'kulowa kunsi, kunja kutangotsala mapazi.

"Naipeza! Kachiboo kang'ono monga diso ya nyeleti! Dzimbili yadya!"

Dalaivala wa lole uja ndiye anawauza mankhwala ake: sopo wamtanda. Ukamunyowetsa pang'ono n'kumupaka mwamphamvu pabowo, petulo samusungunula, amauma n'kutseka. Anayesa, ndipo kudontha kunaleka pomwepo. Ba Exildah anatuluka kunsiko nkhope ili mbuu ndi phulusa, n'kuvina mozungulira galimoto, buluku likuvuka.

Vuto linali loti chimene petulo walephera, madzi amachita. Akangodutsa pachithaphwi, sopo yense ankasungunuka, ndipo m'dzinja Mtendere yense ndi chithaphwi chimodzi. Choncho Kambaula ankapakidwa sopo m'mawa, masana pobwerera, nthawi zina ndi pakati panjira. Ndiye zaka zimenezo n'zimene sopo anasowa m'masitolo. Mphekesera ikangomveka kuti kwafika sopo, tinkathamanga kukaima pamzere wotalika kuzungulira sitolo, kuti aliyense apatsidwe mtanda umodzi. Ba Exildah ankaima, n'kundiimitsanso ine, n'kuimitsanso Ba Edmond Loweruka. Sopo akafika kunyumba ankamudula patatu: kachidutswa ka zovala, kachidutswa ka anthu, chigawo chachikulu cha galimoto.

Ba Edmond, munthu wosadandaula, tsiku lina analankhula ali pampando wawo pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Ba Maggie, mundiweluzeko. Ine mwine nyumba nisamba na manzi chabe, nazikwesha na mwala monga ng'wena. Motoka ndiye izola sopo katatu pa siku. Nanga anakwatila Bana Nkole ni ndani, ine kapena motoka?"

"Imwe simudontha, Bashi Nkole," anayankha akazi awo ali kunsi kwa galimoto. "Siku muzayamba kudontha, nizakupakani."

Chakumapeto kwa chaka chomwecho ndege za ku Rhodesia zinaponya mabomba kufupi ndi Lusaka, ndipo asilikali anatchinga misewu kumasecha galimoto iliyonse. Tsiku lina ndinawaperekeza Ba Exildah ku Chongwe kukagula mtedza wa nsinjiro. Pobwerera tinawoloka kamtsinje, sopo n'kupita ndi madzi, ndipo wina tinalibe. Tinafika pamalo otchingidwa ndi migolo petulo akununkha ngati tasamba. Msilikali wina wamtali, mfuti paphewa, anatikwezera dzanja n'kuyamba kubwera, ndudu yoyaka ili pakamwa.

Ba Exildah anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa ndi mawu amene ankaitanira makasitomala kutsidya kwa msewu.

"Imililani pamene apo! Tayani fodya! Tayani manje manje!"

Msilikaliyo anaima njii. Ndudu inagwa, naiponda ndi jombo kawiri, asanaganize n'komwe kuti akulamulidwa ndi mayi wa duku. Anzake amene anakhala pamatumba a mchenga anafa nako kuseka. Mkulu wawo anabwera, nkhope ili gwaa, nafunsa chimene chikuchitika. Ba Exildah anatsika n'kumulozera pansi pa galimoto. Iye anagwada, naona madontho akugwa pa tara limodzilimodzi, nanunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo msanga.

"Mayi, muyenda na bomba."

"Bomba iyi imvela sopo, bwana. Koma sopo yasila."

Mkuluyo anapita kutenti n'kubwera ndi sopo wake wosambira, wogwiritsidwa kale theka, tsitsi limodzi litamatirira. Ba Exildah analandira ndi manja awiri, anamulavulira, n'kulowa kunsi chitenge chili chomwecho, galimoto zina zitandandalika m'mbuyo mwathu, asilikali asanu atawerama kuonerera. Atatuluka, mkuluyo anawauza kuti ku Chaisa, kuseri kwa msika, kuli mmisiri wa zitini dzina lake Abdulmajid, amene amawotcherera mathanki, ndipo akadzawaonanso akudontha pamsewu wake adzawatsekera pamodzi ndi galimoto yawo. Pochoka, msilikali wa ndudu uja anatimenyera sawatcha.

Ba Abdulmajid anali Myao wa ku Mangochi amene anabwera ku Lusaka kalekale. Ankapanga zidebe, mbaula ndi nyale za koloboyi pansi pa chisakasa cha malata, atavala kachipewa koyera kamene sikankada ngakhale ankagwira makala tsiku lonse. Ankalankhula Chichewa chakwathu chenicheni, mosathamanga, moti ndikamamva ndinkakumbuka amalume anga. Titafika ndi Kambaula anamasula thanki, naigogoda ndi chala, n'kuipereka kwa mwini wake.

"Mayi, chitsulo ichi chili ndi mpweya woipa m'kati. Mukachitsuke ndi madzi otentha, muchiyanike padzuwa chotsegula, masiku atatu. Mwamva? Atatu. Ndipo mubwere nacho."

Kambaula anatsala ku Chaisa, ife tinabwerera ndi thanki pa basi, kondakitala akutukwana njira yonse. Koma Ba Exildah masiku atatu osenza beseni pamutu anawaona ngati chaka. Anatsuka thankiyo katatu tsiku limodzi, m'mawa mwake n'kundidzutsa kuti tibwerere.

"Mwachita monga ndinanenera?" anafunsa Ba Abdulmajid.

"Vitatu, mukwai," anayankha Ba Exildah, akuyang'ana kumbali.

Mmisiriyo anaika thanki pansi, napala dzimbiri pabowo mpaka chitsulo chinawala, n'kukoka mbaula imene ankatenthetsera chitsulo chosungunulira mtovu. Anapemerera makala ndi kachibodi. Ndinaona kanthethe kamoto kakuuluka, kakupita mwaulesi chakukamwa kwa thanki.

Phuuu!

Sindinaone thanki ikunyamuka. Ndinangoiona ikutsika, ikuzungulira m'mwamba, n'kukagwera padenga la chimbudzi cha eni nyumba yoyandikana, mmene munatuluka bambo wina atagwira buluku m'manja, akuthamanga osayang'ana m'mbuyo. Zidebe zonse zinagubuduzika. Agalu a Chaisa yense anauwa. Ine ndinapezeka ndakhala m'beseni latsopano. Ba Abdulmajid anali chikhalire pamalo pawo, chitsulo chili m'manja, koma kachipewa kanali pamwamba pa chisakasa ndipo nsidze zonse ziwiri kunalibe.

Anadzigwira kumaso, anawerenga zala zawo, n'kunena motsitsa, "Alhamdulillah." Kenako anatembenukira kwa Ba Exildah. "Mayi, atatu aja anali masiku kapena chiyani?"

Ba Exildah anagwada pansi, manja ali pamutu. "Nalakwa, atate. Nasuka katatu. Nikhululukileni, sembe namupayani." Ankalira zenizeni tsopano, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akulira. Koma atakweza maso n'kuona nkhope yopanda nsidze ija, yodabwa ngati ya khanda, milomo inayamba kunjenjemera. Ba Abdulmajid anatenga chivundikiro cha chidebe, nadziyang'anirapo, n'kuyamba kuseka iwo eni, mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka. Akazi awo, Ba Riziki, anatuluka m'nyumba akuthamanga, ndipo ataona kuti amuna awo ali moyo anawakalipira kaye Ba Exildah mokwanira, kenako anayang'ananso nkhope ija n'kukhala pansi ndi kuseka.

Thanki itatsitsidwa padenga inali itafufuma ngati chitumbuwa, makwinya onse atawongoka. Mmisiriyo anati tsopano mpweya woipa watuluka wonse, palibenso choopa. Anaiwotcherera chigamba cha mkuwa, naimenya ndi nyundo yamtengo kuti ikwanenso pamalo pake. Kuyambira pamenepo inkalowa petulo wochuluka kuposa kale, ndipo Ba Exildah ankauza aliyense kuti anakulitsa thanki ku Chaisa.

Tinanyamuka mokondwa, tikuimba. Tisanafike pa Mandevu ndinaona mphuno ya Ba Exildah ikugwedera.

"Ba Maggie."

"Namva."

Anatembenuza galimoto, pakuti tsopano giya yobwerera ankaidziwa, n'kubwerera kuchisakasa. Ba Abdulmajid analumbira kuti chigamba chawo sichingadonthe, ndipo atayang'ana chinalidi chouma. Apo Ba Exildah anavula duku, namanga chitenge m'chiuno, n'kugwada kumbuyo kwa galimoto. Anayamba kununkhiza. Anayambira pachivundikiro cha pothirira petulo, nati lamba wake watha koma si iye. Anakwawa m'mbali motsatira kapaipi kopita kutsogolo, mphuno ili pafupi ndi chitsulo, anthu a pamsika atazungulira. Atafika kutsogolo anati titsegule boneti injini ikulira. Analowetsa mutu, natseka maso, nayenda ndi mphuno uku ndi uku, kenako n'kuloza ndi chala.

"Apa."

Panali kapaipi ka labala kolowa mu kabureta, kouma ndi ukalamba, kong'aluka kunsi kumene diso silifika. Injini ikamalira kankatuluka thukuta la petulo n'kumadonthera pachitsulo chotentha, dontho lililonse n'kuuma pomwepo ndi kautsi. N'chifukwa chake paphulusa paja sipankaoneka kanthu kutsogolo.

Ba Abdulmajid anazimitsa injini okha, mwachangu chimene sindinawaonepo nacho.

"Mayi, bowo la kumbuyo lija linkangokuberani petulo. Wofuna kukuphani ndi uyu. Zaka ziwiri mwayenda naye. Mulungu amakukondani."

Anadula kapaipi katsopano, napanga timalamba tomangira kuchokera ku chitini, nasemanso lamba wa chivundikiro kuchokera ku chubu chakale. Pobwerera tinatseka mawindo onse dala, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, tikununkhiza ngati agalu osaka. Munkangomveka mtedza ndi thukuta lathu. Ba Exildah analiza hutala kuyambira pa Kalingalinga mpaka pakhomo.

Lamlungu lotsatira anatsegulira amuna awo chitseko n'kuwapatsa machesi ndi manja awo. Ba Edmond anayatsa ndudu atakhala pampando ngati nduna, anakoka kamodzi, n'kutsokomola mpaka misozi. M'kagalimoto kotero utsi unalibe kopita. Anaitaya pawindo, nati fodya amakoma poyenda pansi, ndipo poti kuyenda pansi anali atatopa nako, anangosiyiratu.

Nkhani ya mphuno ija inafalikira kuchokera pamsika wa Chaisa. Zaka zimenezo zipangizo za galimoto zinkasowa, ndipo timagalimoto takale tonyamula anthu mozemba m'makomboni tinkayenda tomangidwa ndi mawaya, tambiri tikununkha petulo. Madalaivala anayamba kufika ku Mtendere Loweruka m'mawa, wina wochokera ku Matero, wina ku Kanyama, kudzapempha kuti mayi awanunkhizire. Ba Exildah ankayamba ndi kuwalanda machesi onse n'kuwaika m'mbale pakhonde. Kenako ankazungulira galimoto kamodzi, manja kumbuyo.

"Iyi ni kabureta, isefukila. Iyi ni paipi ya pansi pa mpando. Imwe, palibe chidontha, munataila petulo pa mpasa ya mu buti, kachapeni. Imwe naimwe thanki yabooka, yendani ku Chaisa kuli Ba Abdulmajid, muwauze ati nakutumani ni ine. Akakamba masiku atatu, ni masiku, mwamvela?"

Sankalakwitsa kawirikawiri. Madalaivala podikira ankadya chikanda, moti Loweruka beseni linkatha asanatuluke pakhomo. Wina atawafunsa kumene anaphunzira umakaniko, anati kumaliro.

Mu 1987 Ba Edmond anapuma pantchito. Nkole anali atakwatiwa ku Kabwe, ndipo awiriwo anaganiza zobwerera ku Mporokoso. Aliyense anawalangiza kuti agulitse Kambaula akwere basi, chifukwa ulendowo ndi wautali ndipo kumapeto kwake msewu ndi wafumbi. Ba Exildah anakana. Anamanga matiresi, mtondo ndi mipando iwiri padenga, katundu kutalika kuposa galimoto, Ba Edmond atakhala kutsogolo ndi wailesi pamiyendo. Mzere wathu wonse unawaperekeza mpaka kumsewu waukulu. Ine ndinalira, iwo anandikumbatira n'kundiuza kuti ndisiye, ndingawachititse ngozi.

Kalata yawo yoyamba inafika patapita miyezi iwiri. Anayenda masiku anayi. Pa Mpika, msewu utawongoka, Ba Edmond anapempha kuti ayeseko kuyendetsa koyamba m'moyo wawo, ndipo anayendetsa bwino ndithu mpaka pamene anaona mbuzi, n'kuilambalala mbuziyo, galimoto n'kukakwera chulu. Anthu a m'mudzi wapafupi anawanyamula, galimoto ndi katundu yemwe, kuwabwezera pamsewu.

Makalata ena ankabwera kamodzi pachaka, olembedwa Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, zilembo zikuluzikulu. Kumudzi kwawoko galimoto inali imodzi yokhayo, choncho inasanduka yonyamula odwala ndi amayi apakati kupita nawo kuchipatala cha pa boma, Ba Exildah ali dalaivala, nthawi zina ali mzamba. M'kalata ya 1990 analemba kuti ana atatu anabadwira pampando wakumbuyo asanafike. Awiri oyamba anali atsikana, ndipo onse anatchedwa Exildah. Wachitatu anali mwamuna, anabadwa galimoto itaima pakati pa tchire, Ba Edmond ali kalikiliki kumata ndi kupopa tayala lobooka, ndipo makolo ake, ngakhale abusa anawachonderera, anamutcha Pancha.